Bondo la Tinenenji

Ine ndimasoka nsapato pamsika wa Ndirande.
Mundipatse nsapato, ndikuuzani mayendedwe a mwini wake:
kaya amatsimphina, kaya amakoka chidendene,
kaya ngongole ikumulemera mbali imodzi.
Koma mwendo wa mwana wanga unandigonjetsa.

Zinayambira pakhosi.
Mu Juni, chiperoni chitabisa phiri,
Tinenenji anakana chigumu.
Malovu omwe ankamubaya pomeza.
Ndinamuunika ndi tochi ya foni:
kukhosi kuli psuu, timadontho toyera apo ndi apo.
Ndinagula panado ndi makapisozi anayi paokala,
ndalama zinathera pomwepo.
Lachinayi anadzuka, napempha tiyi,
nathamangira kusukulu.
Tinaiwala.

Patatha masabata atatu, pakati pa usiku:
"Ababa, bondo."
Lotupa, lotentha ngati mbaula,
chitenje chikangolikhudza, kukuwa.
Pofika Loweruka bondo laphwa,
ululu wasamukira ku kakolo wa mwendo winawo
ngati wa lendi wothawa landilodi kusanache.

Mayi a kuseri anati akukula, mafupa akutalika.
Mlamu anati ndi fulaye ameneyu, amadumpha kwambiri.
Wamakala anati malungo, palibenso china.
Wina ananong'oneza mkazi wanga pampopi
kuti mwana waponda zinazake pamphambano.
Ine ndinatembenuza nsapato zake,
kupisa chala, kufuna msomali wanga womwe.
Sindinaupeze.

Ndinamubereka mpaka pasiteji.
Ku Gulupu tinakhala pabenchi mpaka dzuwa pamutu.
Adokotala, mtsikana wa magalasi, anamubaya chala:
malungo mulibe.
Anagwa? Ayi.
Kumtundu kwanu alipo wa matenda a magazi
amene amapweteketsa mafupa? Sindinamvepo.
Anati chimfine chimatha kusiya ululu m'akatumba,
koma umenewo umapita wokha;
mafinya akalowa m'bondo amakhazikika, sayendayenda.
Kenaka anaika chomvera chawo pachifuwa.

Ndinati, "Adokotala, ndi mwendotu."
Anakweza chala kuti ndikhale chete.
Anamvetsera nthawi yaitali,
yaitali kuposa yomwe ndimatenga kusoka soli.
"Bambo, pakhosi panamupwetekapo?"

Mmene ndinamvera ine ndi motere.
Wakuba analowera pakhosi.
Agalu a m'thupi anamuthamangitsa, anachita bwino,
koma fungo linawasokoneza,
tsopano akuluma ana a m'nyumba:
lero bondo, mawa kakolo,
ndipo osawamanga msanga
amakafika pa titseko ta mtima.
Makapisozi anayi aja anangomuopseza wakubayo.
Ankafunika mankhwala oyenera, omwa mpaka kumaliza.

Ndinayang'ana manja anga akuda ndi polishi.
Adokotala anati, "Musadzimenye. Mwabwera."

Tinagona m'wodi masiku asanu ndi limodzi,
ine pakhonde, pa katoni, pamodzi ndi abambo ena
amene sitinafunsane mayina.
Bondo linapola, kakolo anapola.
Za mtima anati tiziona,
pali kaphokoso kakang'ono, ngati mpweya wa tayala.

Tsopano mwezi ulionse, jakisoni.
Amaluma kolala ya yunifomu, salira,
potuluka amafuna fanta, ndipo ndimagula.
Zaka zingati? Anatchula. Sindinaziwerengere pamaso pake.
Kabuku ka kuchipatala kamakhala m'chitini
momwe ndimasunga ulusi ndi zingano,
kuti tsiku lisandidutse.

Dzulo kasitomala anabwera ndi kamnyamata
kakumeza malovu mokwinya nkhope.
Ndinasiya nsapato, ndinati, "Tayasamula."
Bamboyo anaseka: "Mwasanduka dokotala, a Likaka?"
Ndinamuuza za bondo. Anasiya kuseka.
Kaya anapita naye, kaya.

Usiku Tinenenji akagona
ndimagunditsa khutu pamsana pake.
Sindidziwa chimene adokotala amamva.
Ine ndimangomva msoko ukuyenda,
kubaya, kukoka,
kubaya, kukoka,
ndipo ndimadikira pomwepo
mpaka mayi ake atandiuza kuti ndizimitse nyali.